KUWERUZA NKHONDO YA MAU KU KABWE

Usiku uno ndifuna kukamba nanu za mlandu umene ndinauweruza ine mwini ku Kabwe, mlandu umene anthu ena sanandikhululukire nao kufikira lero. Sunali mlandu wa mbuzi yolowa m'munda wa eni, kapena wa cikwati ai. Unali wa anyamata awiri amene anaima pamaso pa khamu la anthu ndi kumenyana ndi mau okha, monga acitira acinyamata a masiku ano m'mayimbidwe ao amene awacha rap. Ine ndi anzanga awiri tinapemphedwa kukhala oweruza. Wopambana anali kudzalandira ndalama zokwanira kujambulitsa nyimbo zace ziwiri, ndipo kwa mnyamata wosakhala pa nchito cimeneco si cinthu cacing'ono. Mmodzi wa iwo anafika atakonzeratu mau ace ndi kuwaloweza pamtima. Winayo anapeka mau ace pomwepo, ali ciimire. Funso lathu usiku uno ndi ili: kodi awiri otere tiwayese ndi muyeso wanji?

Ndidziwa kuti akulu ena afuna kale kutseka wailesi, nanena kuti, "Kodi nkhani zatha m'dziko kuti atiuze za ana otukwanana?" Dikirani pang'ono, makolo anga. Masewera amenewa si acilendo monga muganizira. Inu amai, kodi simukumbukira nyimbo za pamtondo? Mkazi posinja anali kuika mau atsopano m'nyimbo yakale, nadzudzula mwamuna waulesi kapena mkazi mnzace, ndipo wodzudzulidwayo anali kumva ali m'nyumba, wosatha kumtengera ku bwalo. Inu Angoni ndi Awemba, kodi pa maliro simunyozana kufikira amasiye omwe aseka? Cimbuya cimeneco ciri ndi malamulo ace, ndipo wokwiya ndiye wagonja. Tsono kulimbana ndi mau popanda kukhetsa mwazi ndi mwambo umene tinaupeza.

Ngakhale m'matauni a migodi mwambowu unalimo kale. M'caka ca 1956 Mzungu wina wophunzira za makhalidwe a anthu, dzina lace J. Clyde Mitchell, anasindikiza kabuku konena za gule wa kalela monga anamuonera ku Luanshya. Anyamata a mtundu wa Abisa anali kubvina Lamulungu masana atabvala zaukhondo, ndipo m'nyimbo zao anali kutama kwao ndi kuseka mitundu ina ya m'komboni. Nyimbo zimenezo zinali zokonzeratu. Mtsogoleri anali kuzipeka, anzace naziphunzira. Ku Kabwe komweko, pamene tauniyo inali kuchedwa Broken Hill, Mzungu wina, Godfrey Wilson, anakhala pakati pa anchito a pa mgodi ndi a ku njanji kuyambira 1938 kufikira 1940, nalemba za magulu a dansi amene anali kupikisana m'kubvina ndi m'kubvala. Onani tsono kuti njira zonse ziwiri tiri nazo kwathu: mai wa pamtondo apeka pomwepo, mtsogoleri wa kalela akonzeratu.

Koma rap yeniyeni inabadwira kutali, ku Bronx mu mzinda wa New York, kumene mnyamata wocokera ku Jamaica, Kool Herc, anayamba kuliza mbale za nyimbo mwa njira yatsopano m'caka ca 1973. Poyamba wolankhula pa colankhulira anali kungosangalatsa obvina. Zinthu zinatembenuka mu December 1981 m'nyumba ya dansi yochedwa Harlem World. Busy Bee anali atakondweretsa anthu monga mwa nthawi zonse, pamene Kool Moe Dee anakwera, namchula dzina, nayamba kusambula mayimbidwe ace mmodzimmodzi. Mau a usiku umenewo anajambulidwa pa kaseti, nayenda m'manja mwa anthu ambiri, ndipo kuyambira pamenepo acinyamata anadziwa kuti woyimba angathe kugwetsa mnzace ndi nzeru za pakamwa.

Kwa zaka zambiri ulemu waukulu unali kwa wopeka pomwepo, njira imene eni ace aicha freestyle. M'caka ca 1997, pa mpikisano wa Scribble Jam mu mzinda wa Cincinnati, Eminem, amene pambuyo pace anachuka pa dziko lonse, anagonja kwa mnyamata wochedwa Juice. M'caka ca 2002 kanema wa 8 Mile anaonetsa mipikisano yotere kwa anthu a maiko onse, ndipo anyamata athu ambiri anaidziwira m'menemo. Koma pofika 2008 ndi 2009 panabuka magulu ena, monga King of the Dot ku Toronto, Don't Flop ku Britain, ndi URL ku New York, amene anatsata njira ina. Kumeneko olimbanawo auzidwa masabata ambiri nthawi isanafike kuti mdani wako ndi uje. Alemba, aloweza, ndipo pa tsikulo alankhula zigawo zitatu popanda ng'oma iri yonse. Anthu olankhula Cispanishi anagwiritsa njira yakale. Mpikisano wao waukulu wa Red Bull Batalla, umene unayamba mu 2005, ngwa opeka pomwepo, ndipo oweruza akalephera kusankha alamula kuti awiriwo abwerezenso.

Kuno kwathu tonse tikumbukira mkangano wa Slapdee wa ku Lusaka, amene anayambitsa gulu la XYZ, ndi Macky 2 wa ku Kopala, mkulu wace wa Chef 187. Iwo anali kuponyerana mau m'nyimbo zojambulidwa, ndipo dziko linagawika pawiri, ena kuti Lusaka, ena kuti Kopala. Pambuyo pace eni acewo anayanjana, koma owatsata ena akali kukangana m'mabasi. Tsono Kabwe ali pakati pa njira, makilomita ngati 140 kumpoto kwa Lusaka, pa mseu ndi njanji yopita ku migodi. Mwana wa ku Kabwe akula akumva Ciwemba, Cinyanja, Cilenje ndi Cingelezi tsiku limodzi, ndipo m'rap yace zilankhulo zimenezi zisanganikirana. Cifukwa cace kuweruza ku Kabwe nkobvuta koposa kwina, monga mudzamva.

Tsopano ndikuuzeni za usiku uja. Linali Loweruka, m'holo ya komboni ina, anthu atadzaza kufikira pa mazenera. Otsiriza awiri ndi awa. Woyamba anali mnyamata wa pa koleji, wobvala bwino, wodziwa mabuku, ndidzamucha Wolemba. Waciwiri anali mnyamata wa ku Makululu, amene apeza cakudya cace pokumba miyala pa mulu wa zotsala za mgodi wakale, ndidzamucha Wopeka. Inu mudziwa kuti mgodi wa mtobvu ndi zinki, umene miyala yace inapezeka mu 1902, unatsekedwa mu 1994, koma mulu wace wakuda ukalipo, ndi pfumbi lace la mtobvu likali kulowa m'mwazi wa ana a m'makomboni oyandikana nao. Sungani cimeneci m'mtima, pakuti cidzabweranso m'nkhani yathu.

M'cigawo coyamba Wolemba anationetsa cimene kukonzeratu kucita. Mau ace anali olukidwa ngati mkeka. Anayamba fanizo la sitima pa ciyambi, naliyendetsa kufikira kumapeto osaligwetsa, ndipo liu limodzi analigwiritsa nchito kawiri, m'Ciwemba litanthauza cina, m'Cinyanja cina. Anaseka nsapato za mnzace zotuwa ndi pfumbi, anthu nagwa ndi phwete. Wopeka poyankha anali ngati munthu wofunafuna njira mumdima: mau abwino awiri, kenaka obwerezabwereza asanu ongodzazira malo. Oweruza tonse atatu tinapatsa Wolemba cigawo cimeneco popanda kukangana.

M'cigawo caciwiri magetsi anazima. Colankhulira cinaleka, ng'oma za makina zinakhala cete, ndipo anthu anayatsa nyali za m'mafoni ao. Wolemba anapitiriza mau ace monga anawalowezera, ngati kuti palibe cacitika, ndipo analankhula za kuwala kwace iye ali mumdima. Koma Wopeka anautenga mdimawo naupanga cida. Anati iye anazolowera kugwira nchito kumene kulibe nyali, ndi kuti mnzaceyo nzeru zace zazima pamodzi ndi magetsi. Kenaka anabwerera ku nsapato zija, nati pfumbi limene alisekalo ndilo linaitana njanji kudza kuno, ndilo linamanga tauni imene mnzaceyo aphunziramo. Holo yonse inaimirira. Akulu ena amene anagwirapo nchito pa mgodi anali kumbuyo, ndipo ndinaona mmodzi akupukuta m'maso. Cigawo cimeneco cinali ca Wopeka, ndiponso panalibe mkangano.

Bvuto linadza m'cigawo cacitatu. Wolemba anatulutsa mau amene anawasungira kumapeto, ndipo kunena za luso lokha, anali opambana onse a usiku umenewo. Koma pakati pace anachula mlongo wace wa Wopeka, kamtsikana kamene kabwereza kalasi kawiri, nati nzeru za banja lonse zinadyedwa ndi mtobvu. Anthu ena anapfuula ndi kuseka, ena anangoti kukamwa yasa. Wopeka anaima kanthawi osalankhula. Pamene anayamba, mau ace anali osalongosoka, ndipo nthawi yace isanathe anangoti iye sadzachula mwana wa munthu, natula colankhulira pansi. Mnzanga wa kudzanja lamanja anati Wolemba wapambana, cifukwa mnzace sanatsirize. Wa kumanzere anati Wopeka. Mlandu unatsalira ine, ndipo ndinapatsa Wopeka.

Titaturuka panja, Wolemba ananditsata. Sanandinyoze ai, anandifunsa mwaulemu, nati, "Akulu, kodi mwaweruza mau anga kapena mtima wanga? Ine ndakhala masabata atatu ndikulemba. Palibe anandiuza kuti cakuti ncoletsedwa. Mukadanena poyamba, ndikadacicotsa." Ndinamuyankha kuti, "Mphwanga, pali zina zimene munthu sayembekeza kuuzidwa." Koma pobwerera m'basi m'mawa mwace mau ace anandisautsa, cifukwa mbali ina ananena zoona. Okonza mpikisano sanaike lamulo liri lonse, ndipo ife oweruza sitinafunse. Tinakhala pa mipando ngati nyakwawa zoweruza mlandu zisanamve mwambo wa mudziwo. Ndibvomera pamaso panu kuti m'ciweruzo canga munalowa cifundo, ndipo cifundo, cingakhale ncabwino kwa mbusa ndi kwa namwino, kwa woweruza cikhoza kukhala msampha.

Panali cinanso cimene ndinacimva pambuyo pace. Mnyamata wina anandiuza kuti mau aja a pfumbi ndi njanji, amene analiza mkulu uja, Wopeka anali atawanenapo kale kangapo pa kabwalo kao ka m'komboni. Kodi tsono anatinyenga? Ine nditi iai. Palibe wopeka pomwepo amene afika manja ali zii. Ali yense ali ndi phodo la mibvi imene anaisula kale: mau ogwirizana kumathero, mafanizo, ndi timau todzazira malo pamene mutu ukali kufuna cina. Luso lace liri pa kusankha mubvi woyenera pa kamphindi koyenera. Mai wa pamtondo uja nayenso sanali kupeka nyimbo yonse. Anali kulowetsa dzina latsopano m'nyimbo ya agogo ace. Cimene Wopeka sakadatha kukonzeratu ndi kuzima kwa magetsi, ndipo pamenepo mpomwe tinaona kuti mutu wace ugwira nchito msanga.

Ndiponso musaganize kuti wolemba ali ndi nchito yopepuka. Iye asenza katundu wa mau ambirimbiri m'mutu, pamaso pa anthu opfuula, ndipo akaphonya liu limodzi unyolo wonse uduka. Mu 2012 ku Los Angeles woyimba wochuka, Canibus, polimbana ndi Dizaster, anasowa mau ace, natulutsa buku m'mene anawalemba, nayamba kuwerenga pamaso pa anthu. Manyazi a tsiku limenelo akali kukambidwa. Caka comweco ku New York, Loaded Lux anaiwala mau m'cigawo coyamba polimbana ndi Calicoe, koma m'cigawo cacitatu analankhula ngati mkulu wolangiza mwana za njira yoipa ya upandu, kotero kuti anthu oculuka anati wapambana ndiye. Pa mpikisano umenewo panalibe oweruza, ndipo kufikira lero ena atsutsa, nati munthu woiwala mau sayenera kuchedwa wopambana. Mlandu suola.

Pa mpira zinthu nzapafupi. Pamene Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors anamwetsa zigoli 107 m'caka ca 1972, cigoli ciri conse cinaoneka ndi maso, mpira uli mu ukonde. Koma pa nkhondo ya mau palibe ukonde. Cifukwa cace ndifuna kupereka malangizo asanu ndi limodzi kwa inu amene mukonza mipikisano imeneyi m'maholo, m'masukulu ndi m'mabwalo a m'makomboni, ndi kwa inu amene mudzapemphedwa kuweruza. Ndawaphunzira mwa kulakwa kwanga.

Coyamba, nenani poyera, tsiku lisanafike, ngati mpikisano uli wa opeka pomwepo kapena wa olemba. Awiriwa ali ngati wothamanga mtunda waufupi ndi wothamanga mtunda wautali. Onse ndi othamanga, koma simuwaika pa mzere umodzi. Ngati mufuna kuwasanganiza, gawani zigawo: cimodzi ca mau okonzeratu, cimodzi ca kupeka pomwepo, ndi cacitatu ca kuyankhana.

Caciwiri, ngati mwati ngwa kupeka pomwepo, yesani kuti muone ngati alikupekadi. Musangokhulupirira. Woweruza atulutse cinthu m'thumba, cingakhale cipewa ca mgodi, tikiti ya basi, kapena cimanga cokazinga, ndipo mnyamatayo acilowetse m'mau ace nthawi yomweyo. Kapena anthu apfuule liu limodzi, iye alimangire nyumba. Amene wangoloweza adzaonekera msanga, pakuti adzachula cinthuco kamodzi ndi kuthawira ku mau ace akale.

Cacitatu, oweruza akhale atatu kapena asanu, osati awiri kapena anai, ndipo ali yense alembe ciweruzo cace pa pepala pakutha pa cigawo ciri conse, asanalankhule ndi mnzace. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu itatu yotsata mutu umodzi ndi mutu umodzi womwewo. Kuweruza cigawo ndi cigawo kuteteza munthu amene anayamba bwino kuti asaiwalidwe, cifukwa mtima wa munthu ukumbukira msanga cimene wamva potsiriza. Ndipo kuno ku Kabwe onetsetsani kuti pakati pa oweruza pali womva Ciwemba bwino, womva Cinyanja bwino, ndi womva cilankhulo ca anyamata ca m'miseu. Usiku uja mnzanga mmodzi sanamve liu lija la matanthauzo awiri kufikira titamuuza. Woweruza wosamva cilankhulo angoweruza phokoso.

Cacinai, dziwani zimene mulikuyesa. Ine ndiona zinai. Pali nzeru ya mau: kodi fanizo nlatsopano, kapena ndi lomwe tinalimva m'nyimbo ya wina? Wakuba mau a mnzace ayenera kutaya cigawo conse. Pali kulasa: kodi mauwo akhudza mdani amene waima apayu, kapena angathe kunenedwa kwa munthu ali yense? Pali kanenedwe: kodi amveka kufikira kumbuyo kwa holo, ndipo ayenda pamodzi ndi ng'oma? Ndipo pali kubweza, ndiko kutenga mubvi umene mdani waponya ndi kumlasa nao iye mwini. Pa zinai zimenezi ine ndilemekeza kubweza koposa, cifukwa apo mpamene wolemba ndi wopeka akomana. Wolemba wosatha kubweza ndi mlakatuli cabe, sali wankhondo. Wopeka wopanda nzeru ya mau ndi wobwebweta cabe.

Cacisanu, musaweruze ndi makutu a khamu. Mnyamata wolimbana m'komboni yace afika ndi anzace makumi atatu amene adzapfuula ngakhale atangotsokomola. Mlendo wocokera ku Kapiri Mposhi kapena ku Ndola alibe womuombera m'manja. Ng'oma yoliritsa sicedwa kung'ambika. Mverani khamu, pakuti masewerawa ndi a anthu, koma dzifunseni kuti: ndikadamva mau amenewa m'cipinda ca ndekha, kodi akadandigwira mtima? Kuona maso a nkhono nkudekha.

Cacisanu ndi cimodzi, ikani malire, ndipo muwanene poyamba kuti wina asadzanene monga ananena Wolemba uja. Kunyozana ndiwo mtima wa masewerawa, ndipo wosafuna kusekedwa asalowemo. Seka nsapato za mnzako, mayendedwe ace, nyimbo zace zosagulidwa, kudzitama kwace. Iye ali pomwepo, ali ndi pakamwa, adzakubwezera. Koma mwana wodwala, mai wa munthu, wakufa, ndi cilema cimene munthu sanacisankhe, amenewa sali pa bwalo ndipo sangathe kuyankha. Kulasa wosatha kubweza si luso ai. Ngakhale pa cimbuya, Mngoni aseka Muwemba wamkulu mnzace. Sapita kukaseka khanda la pamsana. Ndipo za mitundu cenjerani: kalela anali kuseka mitundu ina anthu naseka pamodzi, koma liu lomwelo likanenedwa ndi mtima wa cidani liyatsa moto umene holo singauzime.

Tsono mudzandifunsa kuti, nanga iwe, utapatsidwanso mlandu uja lero, ungaweruze bwanji? Ndayesa kuuganiza kawiri-kawiri. Ndikadayenera kuimitsa mpikisano usanayambe ndi kufunsa malamulo. Kumeneko ndiko kulakwa kwanga kwakukulu. Popeza malamulo panalibe, njira yolungama inali kucita monga acitira a Cispanishi aja: kunena kuti cigawo cacitatu cafa, cifukwa wina analumpha malire ndipo wina sanatsirize, ndi kuwalamula kuti abwerezenso pa mutu umene ife tikadawapatsa. Pamenepo Wolemba akadaonetsa ngati ali ndi kanthu kunja kwa pepala, ndipo Wopeka akadapambana ndi mphamvu yace, osati ndi cifundo canga. Ndinawamana onse awiri mwai umenewo. Koma kunena kuti mau onyoza kamtsikana kaja ayenera mphotho, cimeneco sindidzabvomera, angakhale analukidwa bwino cotani.

Kwa inu anyamata ndinena ici. Wolemba, phunzira kucotsa maso pa pepala ndi kuona cimene cirikucitika m'holo. Wopeka, usanyoze colembera; khala pansi madzulo, sula mibvi yako, kuti usamadzaze nthawi ndi mau opanda kanthu. Opambana enieni m'maiko onse ndi amene agwira njira zonse ziwiri. Ndipo kwa inu makolo, mwana wanu akamayendayenda pabwalo akulankhula yekha, musafulumire kunena kuti wapenga. Mwina alikuphunzira kusunga mau mazanamazana m'mutu, kuima pamaso pa anthu wosanjenjemera, ndi kulandira citonzo popanda kutola mwala. M'tauni imene nchito ziri zosowa ndi mitima ya acinyamata iri yowawa, mnyamata wodziwa kubweza ndi mau m'malo mwa nkhonya waphunzira cinthu camtengo.

Ndidziwa kuti ambiri a inu simubvomerezana nane. Ena mudzati Wolemba anaberedwa, ena mudzati ndikadamturutsa m'holo nthawi yomweyo. Kambiranani kunchito, pa msika, ndi pansi pa mkuyu waukulu uja wa pakati pa tauni, ndipo mutilembere makalata kutiuza maganizo anu. Ena tidzawawerenga pa wailesi. Ngati Wolemba uja alikumvera usiku uno, ndikuti kwa iye: mphwanga, funso lako ndinalimva, ndipo yankho lace ndi limeneli.